Wodwazika Matenda Ndiye Maso a Namwino

Phunziro la akatekisi ndi mabanja

Munthu akafika m'mawa ku chipatala cha boma la Nkhata Bay, chimene chili ku Mkondezi, ayamba kukumana ndi anthu amene sali odwala, ndiponso sali antchito a chipatala. Wina wasenza ndowa ya madzi, wina akuphika phala, wina akuyanika nsalu zimene wachapa kusanache. Ambiri mwa iwo ndi amai. Ena achokera pafupi, ku Mpamba kapena ku Chintheche. Ena achokera kutali, ku Usisya ndi ku Ruarwe, kumene anthu ambiri ayenda ulendo wao pa nyanja. Anthu awa ndiwo odwazika matenda, amene masiku ano atchulidwa magadiyani. Asiya munda wa chinangwa, asiya usipa pa thandala, asiya ana ang'ono kwa agogo, kuti akakhale pambali pa bedi la mbale wao.

Anthu ambiri ayesa kuti ntchito ya wodwazika ndi kuphika ndi kuchapa basi. Koma akatswiri amene afufuza za kasamalidwe ka odwala apeza kuti ntchitoyi ndi yaikulu koposa pamenepo, ndipo kuti wachibale wophunzitsidwa bwino atha kupulumutsa moyo. Phunziro lino lifotokoza zimene adapezazo, ndi zimene banja lililonse liyenera kudziwa nthenda isanagogode pa khomo.

1. Chifukwa chake namwino asowa mthandizi

Pa kalembera wa 2018, boma la Nkhata Bay lidapezeka ndi anthu oposa 280,000. Anamwino otumikira khamu lotere ndi ochepa, monga alili m'maboma onse a Malawi. Namwino sapezeka pa mseu ai: aphunzira zaka zingapo, ena ku St John's ku Mzuzu, ena ku Ekwendeni, ena ku Mzuzu University kapena ku Kamuzu University of Health Sciences, ndipo asanagwire wodwala ayenera kulembedwa m'kaundula wa Nurses and Midwives Council of Malawi, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1966. Ali ndi ntchito zimene wina aliyense sangathe kumgwirira: kubaya jekeseni, kuika diripi, kuyeza mankhwala, kubeletsa amai, kuzindikira kuti wodwala uyu aitanidwire dokotala tsopano lino.

Tsono usiku namwino mmodzi atha kukhala ndi odwala makumi angapo m'wodi imodzi. Ngakhale akhale wachangu chotani, pa bedi lililonse aima mphindi zowerengeka. Amene akhala pomwepo usana ndi usiku ndi wodwazika. Iye ndiye aona kuti wodwala wasanza kangati, wakodza kapena ai, wadya zingati, wayamba liti kubwebweta. Namwino adziwa tanthauzo la zizindikiro, koma sadazione. Wodwazika wazona, koma kawirikawiri sadziwa tanthauzo lake. Nzeru ziwirizi zikakumana, wodwala athandizika msanga. Zikapanda kukumana, nthawi itayika.

Mfundo imeneyi si yatsopano. Florence Nightingale, mai wa ku England amene adakonza unamwino wa makono, ndipo adatumikira asilikali ovulala ku Scutari kuyambira 1854 pamodzi ndi anamwino ena ndi masisitere, adalemba kabuku kotchedwa Notes on Nursing mu 1859. Sadalembere anamwino a m'zipatala okha, koma makamaka amai amene adwazika matenda kunyumba. M'kabukumo adalimbikira kuti wosamala wodwala aphunzire kupenyetsetsa, ndi kunena zimene waona mosaonjeza ndi mosachotsa.

2. Zimene adapeza ku Lilongwe

Mu 2012 magazini ya madokotala yotchedwa Malawi Medical Journal idasindikiza kafukufuku amene adachitika ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Ofufuzawo adafunsa mafunso akuluakulu a chipatala, madokotala, anamwino, odwala ndi odwazika omwe: anthu 73 adayankha mafunso okonzedweratu, ndipo padachitika zokambirana zakuya 19.

Adapeza kuti odwazika ambiri ndi akazi a m'banja la wodwala, ndi kuti ambiri sadapite patali ndi sukulu. Adapezanso kuti ntchito zao ndi zochuluka, kuyambira kusamala zilonda mpaka kulankhulira wodwala kwa achipatala. Koma ngakhale chipatala chidalira anthu amenewa, chithandizo chimene adali kulandira chidali chochepa, ndipo mikangano pakati pa iwo ndi antchito a chipatala sidali kusowa. Magwero a mikanganoyo adali atatu: kuthithikana m'wodi chifukwa wodwala mmodzi adali ndi odwazika angapo; odwazika kusadziwa malamulo a chipatala; ndi antchito ena kusalemekeza ntchito ya wodwazika. Potsiriza ofufuzawo adalangiza kuti wodwala mmodzi akhale ndi wodwazika mmodzi, kuti odwazika aphunzitsidwe, ndi kuti malo ao ndi zosowa zao zisamalidwe.

Kafukufukuyo adachitika ku Lilongwe, koma aliyense amene adagonapo ku chitando cha chipatala, kaya ku Nkhata Bay kaya ku Chintheche, azindikira nkhaniyi. Ndipo awiri mwa magwero atatu aja ali m'manja mwa mabanja eni ake: kuchuluka kwa anthu pa bedi, ndi kusadziwa.

3. Pamene achibale adasanduka anamwino

Kodi wachibale wosaphunzira sukulu angathedi kupulumutsa moyo? Yankho lomveka bwino lidachokera ku dziko la India. Mu 1971 kudali nkhondo m'dziko limene lero litchedwa Bangladesh, ndipo anthu mamiliyoni adathawira ku India. Mu msasa wa othawa nkhondo wa ku Bangaon mudabuka nthenda ya kolera. Mwa odwala 100 alionse, pafupifupi 30 adali kumwalira. Madiripi adali ochepa, ndipo odziwa kuwaika adali ochepanso.

Dokotala wa ana wa ku Calcutta, Dilip Mahalanabis, adaona kuti njira ya diripi yokha sifikira khamu lonselo. Iye ndi anzake adasungunula mchere, soda ndi shuga wa mtundu wa gulukosi m'migolo ya madzi abwino, nauza achibale a odwala kuti azitunga ndi makapu ndi kumwetsa odwala ao kosalekeza. Diripi adaisungira okhawo amene adafookeratu. Pa masabata asanu ndi atatu adathandiza odwala oposa 3,700, ndipo imfa zidatsika kufika pa anthu osakwana anai mwa 100 alionse. Madzi amenewo ndiwo makolo a mankhwala a m'paketi amene ku Malawi adziwika ndi dzina la Thanzi.

Chinsinsi chake n'chotere. Kolera sapha ndi ululu wake wokha ai, koma ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi. Matumbo a wodwala ataya madzi ambiri, koma njira imodzi ikhalabe yotseguka: mchere ukabwera pamodzi ndi shuga, matumbo aulandira, ndipo madzi atsata mcherewo kulowa m'magazi. Ndicho chifukwa chake muyeso uyenera kukhala woona. Mchere ukachuluka uvulaza, makamaka mwana; shuga akachuluka aonjeza kutsegula m'mimba.

Umboni wina ndi wa ana obadwa ochepa thupi. Mu 2021 padatuluka zotsatira za kafukufuku wa bungwe la World Health Organization m'zipatala za maiko asanu, ndipo chimodzi chidali Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Ana olemera pakati pa kilogalamu 1 ndi makilogalamu 1.8 adaikidwa pa chifuwa cha mai wao, khungu ndi khungu, atangobadwa. Mai akakhala wosapeza bwino, wachibale adali kumlowa m'malo. Mwa ana 100 osamalidwa motero adamwalira 12, pamene mwa ena aja, amene adayamba adikira kaye kuti alimbe, adamwalira pafupifupi 16. Apanso mankhwala adali manja ndi thupi la munthu wa m'banja, motsogozedwa ndi namwino.

4. Phunziro la 2022 ku Nkhata Bay

Anthu a m'mbali mwa nyanja sadzaiwala msanga chaka cha 2022. Kolera adayamba kum'mwera kwa dziko m'mwezi wa March, ndipo m'mwezi wa August adafika m'boma la Nkhata Bay, nakantha kwambiri madoko a asodzi monga ku Tukombo. Chodabwitsa chidali chakuti adafala m'chilimwe, pamene anthu adazolowera kumuona m'nyengo ya mvula. Pa 5 December 2022 Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza kuti nthendayi ndi ngozi ya dziko lonse. Pofika pakati pa 2023, anthu pafupifupi 59,000 adali atadwala m'Malawi monse, ndipo oposa 1,700 adamwalira. Mliri wa kolera woopsa chotere udali usanaonekepo m'dziko muno. Dokotala Mahalanabis uja adamwalira m'mwezi wa October 2022, mliriwu uli mkati.

Madokotala adziwa kuti wodwala kolera akathandizidwa msanga ndi moyenera, imfa sizifika munthu mmodzi mwa 100. Adziwanso kuti wosathandizidwa atha kufa m'maola ochepa, ngakhale akhale msodzi wamphamvu amene dzulo lake adali kukoka chilimira. Nkhani yonse ili pa nthawi. Kwa banja lokhala kumene galimoto sifika, maola a pakati pa nyumba ndi chipatala ndi ambiri: kufuna bwato, kufuna mafuta, kudikira kuti mwera uleke. M'maola amenewo mulibe namwino. Muli wodwazika yekha, ndi botolo limene wanyamula kapena waliiwala.

5. Zimene wodwazika ayenera kudziwa

Choyamba, kumwetsa. Munthu akayamba kutsegula m'mimba mwa madzimadzi, asadikire kuti kuche. Wodwazika asambe m'manja ndi sopo, athire paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini. Lita imodzi ndi mabotolo awiri a 500 ml. Paketi ikasowa, asungunule masupuni ang'ono a tiyi 6 a shuga, osalaza pamwamba, ndi theka la supuni yomweyo la mchere mu lita imodzi. Mwana wosakwana zaka ziwiri amwe pakati pa 50 ndi 100 ml nthawi iliyonse akachita chimbudzi. Wa zaka 2 mpaka 10 amwe pakati pa 100 ndi 200 ml. Wamkulu amwe monga angathere. Akasanza, wodwazika adikire mphindi 10, ayambirenso pang'onopang'ono ndi supuni. Mwana woyamwa asaleke kuyamwa. Madzi osungunulawo akatha tsiku lathunthu atayidwe, pakonzedwe ena. Ndipo kumwetsa sikulowa m'malo mwa chipatala ai: wodwala amwe ali m'njira, m'bwato momwe, kufikira atafika m'manja mwa namwino.

Chachiwiri, kupenya. Zizindikiro zakuti madzi atha m'thupi ndi izi: maso kulowa, ludzu lalikulu, kusakodza, khungu la pa mimba kubwerera mochedwa likatsinidwa, ndi liwombo la khanda kulowa. Kwa mwana wodwala nthenda iliyonse, zizindikiro zoopsa ndi kukomoka, kulephera kumwa kapena kuyamwa, kusanza chilichonse, ndi kugona kosadzutsika. Kupuma nako kuwerengedwe pa mphindi imodzi yathunthu, mwana ali chete: kukafika 50 kwa khanda la miyezi 2 mpaka 12, kapena 40 kwa mwana wa chaka chimodzi mpaka zisanu, ndiye kuti chibayo chingakhalepo. Wodwazika akaona chimodzi mwa izi m'wodi, asachite manyazi kudzutsa namwino ngakhale pakati pa usiku.

Chachitatu, kunena zoona. Namwino akafunsa kuti wodwala ali bwanji, yankho lakuti "ali choncho" kapena "akuyesera" ndi laulemu, koma silimthandiza. Lothandiza ndi lotere: wasanza katatu chiyambire madzulo, sadakodze chiyambire masana, phala wamwa masupuni asanu. Wosadziwa kulemba atha kuika timiyala m'chitini, kamwala kamodzi pa kusanza kulikonse. Ndipo ngati wodwala adamwa mankhwala a zitsamba, kapena mapiritsi ogula pa msika, namwino auzidwe poyera, pakuti mankhwala ena salolana m'thupi, ndipo chobisika chitha kupha. Kabuku ka chipatala ka wodwala kasatsale kunyumba.

Chachinai, kufunsa. Akulu adati safunsa adadya phula. Asanachoke pa chipatala, wodwazika adziwe dzina la nthenda, mamwedwe a mankhwala, tsiku lobweranso, ndi zizindikiro zimene ziyenera kuwabweza msanga. Abwereze yekha malangizowo pamaso pa namwino, kuti cholakwika chikonzedwe pomwepo. Mankhwala amalizidwe onse. LA wa malungo amwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, kasanu n'kamodzi pamodzi, ndipo agwira bwino ntchito akamwedwa ndi chakudya. Kuleka pa tsiku lachiwiri chifukwa thupi lazizira, ndi kusungira wina mapiritsi otsala, ndiko kuitana malungo kuti abwerenso.

Chachisanu, ukhondo. Wodwazika asambe m'manja ndi sopo asanakonze chakudya, asanadyetse wodwala, akachoka ku chimbudzi, ndiponso akagwira zonyansa za wodwala. Zovala ndi zofunda za wodwala kolera zisachapidwe m'nyanja kapena pa chitsime, pakuti kutero ndiko kugawira mudzi wonse nthendayo. Ziviikidwe m'madzi a klorini monga alangizi a zaumoyo aphunzitsira. Madzi a m'nyanja, ngakhale aoneke oyera ngati galasi, asamwedwe osawiritsa kapena osathira mankhwala.

Chachisanu n'chimodzi, kutembenuza. Wodwala wosatha kudzitembenuza yekha, monga nkhalamba kapena wofa ziwalo, atembenuzidwe pa maola awiri alionse, ndipo zofunda zake zikhale zouma ndi zosakwinyika. Magazi sayenda bwino pamene fupa lapanikiza khungu, ndipo m'chiuno, ku zidendene ndi pa mapewa pabuka zilonda zovuta kupola. Malo ofiira osasintha akasisitidwa pang'ono ndi chala aonetsedwe kwa namwino. Podyetsa wodwala wotere, amkhazike tsonga, kuti chakudya chisalowe njira ya mpweya.

6. Gawo la akatekisi ndi miphakati

Mutu umodzi susenza denga. Wodwazika naye ndi munthu: atopa, amva njala, ada nkhawa ndi ana amene wasiya. Mai amene wagona pansi masabata awiri osapumula sangathe kupenyetsetsa monga phunziro lino lifunira. Apa ndipo Akristu a mu mphakati angathandize koposa. Agawane masiku, kuti pa bedi pakhale munthu mmodzi wamphamvu, osati anthu asanu otopa, ndipo wochoka afotokozere wolowa zonse zimene namwino wanena. Atumize ufa wa kondowole, ndiwo, nkhuni ndi sopo ku chitando. Alimire munda wa banjalo, ayang'anire ana ake. Amuna asayese kuti kudwazika ndi ntchito ya akazi okha. M'wodi ya amuna, mwana wamwamuna kapena mchimwene ndiye asambitsa ndi kunyamula wodwala mosamchititsa manyazi.

Okaona odwala asunge maola a chipatala, alowe ochepa, asakhalitse, ndipo asakhale pa bedi la wodwala. Pemphero ndi kuitana wansembe zisachedwetse ulendo wa ku chipatala: uthenga upite ku parishi, koma bwato linyamuke. Pa maliro a munthu wofa ndi kolera, banja litsate malangizo a achipatala pa za kusambitsa mtembo ndi kuphika chakudya, ngakhale mtima uwawe, pakuti maliro amodzi atha kubala ena.

Mkatekisi si namwino, ndipo asadziyese namwino. Koma iye afika m'midzi imene namwino safikako, ndipo anthu amumvera. Atha kuitana mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo kuti akaonetse anthu kasungunulidwe ka Thanzi pambuyo pa mapemphero a Lamulungu, ali ndi botolo, supuni ndi paketi m'manja, kuti aliyense aone ndi maso. Atha kukumbutsa banja lililonse kusunga mapaketi awiri kapena atatu pa malo ouma, ndi kudziwiratu mwini bwato kapena njinga yamoto amene angadzutsidwe usiku. Atha kuphunzitsa anthu kulemekeza anamwino, amene agwira ntchito yolemetsa ali ochepa. Ndipo kwa Akristu amene ali anamwino, atha kunena mwaulemu kuti mphindi ziwiri zofotokozera wodwazika m'chilankhulo chake, kaya Chitonga, Chitumbuka kapena Chichewa, ziwapatsa mthandizi wa usiku wonse.

Mafunso okambirana mu mphakati

1. Kodi namwino adziwa chiyani chimene wodwazika sadziwa, nanga wodwazika aona chiyani chimene namwino saona?

2. Ndi magwero atatu ati a mikangano amene ofufuza adapeza ku Kamuzu Central Hospital? Ndi ati mwa iwo amene banja lingathe kukonza lokha?

3. Achibale a ku Bangaon adachita chiyani mu 1971, ndipo imfa zidasintha bwanji?

4. Paketi imodzi ya Thanzi isungunulidwa m'madzi ochuluka bwanji? Nanga ikasowa, shuga ndi mchere ziyezedwa motani?

5. Ndi zizindikiro zinai ziti zoopsa kwa mwana wodwala?

6. Munthu wa mu mphakati uno atadwala usiku wa lero, adzanyamulidwa ndi yani, pa chiyani, ndipo adzamdwazika ndani sabata loyamba ndi lachiwiri?